Njinga, Bulangeti ndi Malonje: Maulendo Akale a m'Chigwa cha Domasi

Munthu akakhala pamsika wa Songani nyengo ya chilimwe, nthawi zina amaona alendo awiri kapena atatu ochokera kunja akudutsa pa njinga zolemedwa ndi zikwama kutsogolo ndi kumbuyo komwe, akulowera cha ku Liwonde. Nkhope zawo zimakhala zitapsa ndi dzuwa, ndipo m'zikwamamo mumakhala hema, timapoto ndi mabotolo a madzi. Ana amawathamangira, pamene akuluakulu amangopukusa mitu, kudabwa chimene chingachititse munthu wokhala ndi ndalama ya ndege kudzizunza chotere pa zitunda za Malosa. Adzukulu ambiri amayesa kuti ulendo wa mtundu umenewu, wopalasa masiku ambirimbiri n'kumagona paliponse pamene dzuwa lalowera, ndi chinthu chobwera ndi alendo a masiku ano. Si choncho ayi. Chigwa cha Domasi chidaona maulendo otere kalekale, ndipo eni ake adali aphunzitsi, alaliki, ogulitsa nsomba ndi matchona. Kusiyana kwake n'kwakuti iwowo sankanyamula hema. Chimene chinkawasunga usiku udali mwambo wolandira alendo, umene mudzi uliwonse unkaudziwa popanda wouphunzitsa.

Nkhaniyi iyenera kuyambira pa nthawi imene njinga kudalibe. Mtsinje wa Domasi umachokera pamwamba pa mapiri, nudutsa pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa, kenaka n'kutsetsereka chakum'mawa mpaka kukathira m'nyanja ya Chilwa. M'chigwa chimenechi, m'dziko la mfumu ya Chiyao Malemia, mbusa Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland adatsegula mishoni m'chaka cha 1884. Iyeyu adali atafika ku Blantyre chaka chimodzi m'mbuyomo, ndipo ali ku Domasi adaphunzira Chiyao mwakuya kufikira adamasulira Chipangano Chatsopano m'chinenerocho. Kuchokera ku Blantyre kukafika pamishonipo ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 80, ndipo masiku amenewo woyenda wapansi ankagona panjira. Njira zake sizidalinso zamtendere. Malonda a akapolo adali asadathe, moti ngakhale m'chaka cha 1895 ankhondo a mfumu Kawinga a ku phiri la Chikala adatsika kudzathira nkhondo midzi ya Malemia pafupi ndi mishoni, asilikali a boma la atsamunda asadawagonjetse.

Mzungu wa nthawi imeneyo, kaya wa mishoni kaya wa boma, akafuna kuyendera midzi ankanyamuka ngati mudzi wathunthu ukusamuka. Iye mwini ankagona m'machila, nsalu yolimba yomangiriridwa kumsungwi, ndipo gulu la amuna khumi ndi mphambu linkalandizana mapewa likuthamanga ndi kuimba. Pambuyo pake pankabwera amtengatenga, aliyense atasenza katundu wa makilogalamu pafupifupi 25: wina hema, wina kama wopinda, wina mpando ndi tebulo, wina bokosi la zakudya, wina bafa. Mawu oti "ulendo" adachita kulowa m'Chingerezi cha atsamunda a ku Nyasaland, kutanthauza mdipiti woterewu. Kuti munthu mmodzi agone bwino kuthengo, anthu makumi awiri kapena atatu ankagona pansi mapewa atatupa. Aliyense wosimba za maulendo akale ndi kugona m'mahema asaiwale mapewa amenewa.

N'zochititsa chidwi kuti chaka chomwecho cha 1884, Hetherwick akudula mitengo ya nyumba yake yoyamba ku Domasi, mnyamata wina wobadwira ku England, Thomas Stevens, adanyamuka ku San Francisco pa njinga ya gudumu lalikulu kutsogolo ndi kakang'ono kumbuyo. Adamaliza ulendo wake ku Yokohama kumapeto kwa 1886, atapalasa makilomita oposa 21,000, nakhala munthu woyamba kuzungulira dziko lapansi pa njinga. Koma njinga yakeyo ikadafika pa miyala ya ku Malosa ikadamugwetsa chamutu tsiku loyamba lomwe. Njinga imene anthu a kuno amaidziwa, ya magudumu ofanana ndi tcheni chokoka gudumu lam'mbuyo, adaikonza ndi John Kemp Starley ku Coventry m'chaka cha 1885. Patapita zaka zitatu, mu 1888, John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wobadwira ku Scotland amene ankakhala ku Belfast, adapanga tayala lopopa mpweya. Zinthu ziwirizi zitakumana, njinga idasanduka chida choti n'kuyenda nacho m'tinjira ta kumudzi. Choncho mishoni ya Domasi ndi njinga yakapalasa ndi a msinkhu umodzi.

Komabe padatenga nthawi kuti njinga ilowe m'manja mwa anthu wamba. Oyamba kukwera adali azungu a mishoni, a boma ndi a m'maesiteti, pamene ntchito yosenza idapitirira ndithu. Idafika pachimake pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo adaitcha Chiwaya, pamene amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino adatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri sadabwerere. Munthu amene adakula akuona bambo ake akugwidwa kukasenza, ankaiona njinga ndi maso ena. Chidali chinthu choyamba chonyamula munthu popanda kupweteka phewa la mnzake. Sichifuna msipu ngati bulu, sichifa ndi kashembe, ndipo chimadutsa pa kanjira kamene galimoto singayerekeze.

M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 njinga zidayamba kuoneka m'makhonde mwa aphunzitsi, makalaliki a ku Zomba, mafumu, ndi alimi a fodya ndi thonje amene zokolola zidawayendera. Zambiri zidabwera ndi amuna obwerera ku Halale ndi ku Joni. Wobwera kuchokera ku migodi wopanda njinga, sutikesi ndi bulangeti ankaoneka ngati wangopita kukataya zaka, ndipo ena ankapalasa njingayo njira yonse ya ku Tete ndi Mwanza, kuwoloka Zambezi pa bwato kapena pa pantoni. Mayina a Raleigh, Humber, Hercules ndi Phillips ankatchulidwa m'midzi monga mayina a anthu odziwika. Boma nalo silidachedwe kuona pokolola: mwini njinga ankadula laisensi, napatsidwa kachitsulo komangirira panjingapo, ndipo wopezeka alibe ankaona zakuda kubwalo la mfumu.

Koma chimene chidapatsa Domasi malo akeake m'mbiri ya maulendowa ndi sukulu ya Jeanes. Dzinali lidachokera kutali. Anna Jeanes adali mayi wachuma wa ku Philadelphia, wa mpingo wa Quaker, amene mu 1907 adapereka madola 1,000,000 kuti athandize sukulu za kumidzi za anthu akuda kummwera kwa America. Ndalamazo zidagwira ntchito yolemba aphunzitsi oyendayenda, amene sankakhala pasukulu imodzi koma ankazungulira kuthandiza anzawo. M'chaka cha 1924 nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes, motsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, pamodzi ndi mphunzitsi wotchuka wa ku Gold Coast James Aggrey, zidafika ku Nyasaland ndipo zidapeza timasukulu tam'midzi tochuluka koma tosowa woyang'anira. Boma lidakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, ndipo mu 1929, ndi thandizo la ndalama za bungwe la Carnegie, lidatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi, kumunsi kwa mishoni. Mphunzitsi wamkulu woyamba adali mbusa E. D. Bowman wa ku Church of Scotland.

Mishoni zosiyanasiyana zinkatumizako aphunzitsi awo odalirika. Aliyense ankabwera ndi mkazi wake ndi ana, n'kukhala zaka ziwiri m'mudzi wachitsanzo. Abambo ankaphunzira kaphunzitsidwe, ulimi, ukhondo ndi ukalipentala, pamene amayi ankaphunzira kulera ana, kusoka ndi kusamala pakhomo. Kuyambira mu 1934 mafumu nawo adayamba kubwera kudzachita maphunziro a miyezi yochepa. Pali zambiri zimene munthu angatsutse pa nzeru ya Jeanes, makamaka maganizo a atsamunda oti mwana wa Mfirika amukwanira maphunziro a khasu ndi chimbudzi, pamene makolo ankafuna Chingerezi ndi masamu. Kudandaula kumeneko kudali koona. Koma ntchito ya mphunzitsi womaliza maphunzirowo idali yeniyeni ndiponso yolemetsa. Ankapatsidwa gulu la sukulu zotalikirana, zina kuphiri, zina kudambo, ndipo ankayenera kufika pa iliyonse, kukhalapo masiku angapo, kuona kaundula, kuphunzitsa mwachitsanzo, kuyendera zitsime ndi kukambirana ndi nyakwawa za denga lodontha. Ena ankayenda wapansi, koma ambiri mwendo wawo udali njinga. Abusa ndi alaliki nawo ankayenda chimodzimodzi kukafika ku mipingo yakutali, kuyambira mbadwo wa Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, amene adadzozedwa mu 1911 kukhala abusa oyamba achikuda a mishoni ya Blantyre.

Kukonzekera kwake kudali kosavuta kuwerenga. Pakaliyala pankamangidwa bulangeti lokulungamo malaya osinthira, buku la nyimbo, kope la malipoti ndi choko, zonse zitakulungidwanso m'chiguduli kapena m'chikopa kuopa mvula, n'kumangidwa ndi malegeni odulidwa ku chubu chakutha. Pansi pa chishalo pankalendewera kachikwama ka sipanala, zigamba ndi solushoni. Pampu inkakhala pamtanda, ndipo mwini wake akatsika sankaisiya, popeza pampu ndi mbale ya ndiwo siichedwa kupeza mwini wina. Kamba adali chimanga chokazinga, mtedza, mbatata yootcha kapena chinangwa chophika. Ochenjera ankaonjezera kamchere, kachidutswa ka sopo ndi singano zingapo, osati zoti agwiritse ntchito iwo eni, koma za eni nyumba kumene akagone. Ufa ndi mphika sankanyamula. Kutero kukadakhala kunyoza midzi ya kutsogolo.

Njinga za nthawi imeneyo zidali zolemera, za giya imodzi, ndipo mabuleki ake adali a timitengo tachitsulo tokoka mphira kulimu. Pamalo athyathyathya, monga kuchokera ku Songani kulowera ku Chilwa nthawi ya chilimwe, munthu ankauluka ndithu. Koma wolowera kumtunda kwa chigwa, kumene midzi idakangamira m'nthiti mwa Malosa, kapena wodutsa zitunda za ku Kasupe, kumene lero kumatchedwa Machinga, ankakankha nthawi yaitali kuposa imene ankapalasa. Akuluakulu ankaseka kuti pachitunda njinga ndiyo imakwera mwini wake. Chodabwitsa n'chakuti apaulendo ankaopa kutsetsereka kuposa kukwera. Limu likanyowa mabuleki aja sankagwira, ndipo pamtsetse wautali mphira inkatha munthu akuona. Nzeru yake idali kudula nthambi ya masamba ambiri, kuimangirira kumbuyo ndi luzi kuti izikwekwereza pansi, kapena kuponda tayala lakutsogolo ndi chidendene. Amene adakana kutsika chifukwa chofuna kuonetsa ukatswiri kwa atsikana a pamjigo, zipsera zawo zidakhala phunziro la mudzi wonse.

Dzinja lidali ndi mavuto akeake. Mitsinje ya Domasi, Songani, Naisi ndi Likangala, imene m'chilimwe mwana amaidumpha pa miyala, ikadzaza inkaimitsa munthu tsiku lathunthu. Madzi akaphwerako ankavula, kumanga zovala kumutu, kusenza njinga paphewa n'kuwoloka akufufuza pansi ndi phazi. Kumadambo a Chilwa kuli dothi lakuda la makande, limene likanyowa limamatirira pakati pa tayala ndi madigadi mpaka gudumu kuleka kuzungulira, ndipo munthu ankayenda ndi kamtengo kokolokosolera matope mphindi zilizonse. Minga nayo sinkasowa. Chubu chikabooka, ankachiviika m'chithaphwi kuti aone potuluka thovu, kupalapo ndi mwala, n'kumata chigamba. Zigamba zikatha ankamanga pobookapo ndi mphira, ndipo chubu chikatheratu ankachichotsa n'kupakira udzu wouma m'tayala mpaka kulimba. Njinga yotero imagwedeza mafupa, koma imafikitsa. Pafupifupi pamsika uliwonse pankapezeka mmisiri pansi pa mtengo wa mango amene ankadziwa kuwongola limu ndi kulumikiza tcheni ndi msomali, ndipo adzukulu a amisiri amenewa akadalipo m'mphepete mwa msewu mpaka lero.

Tsopano dzuwa lapendeka, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Wapaulendo wodziwa mwambo sankadikira mdima. Usiku udali wa afisi ndi anyalugwe a m'phiri, komanso munthu wofika mumdima ankayesedwa wakuba kapena mfiti. Choncho dzuwa likadali pamwamba pa mitengo ankasankha mudzi, natsika njinga asadalowe pakati pa nyumba, n'kufunsa mwana woyamba kukumana naye kuti kwa amfumu n'kuti. Akafika ankaodira, kutsamiritsa njinga pamtengo, n'kukhala pansi chapatali. Sankayamba ndi iye kulankhula. Ankamuyalira mphasa, kumupatsa madzi akumwa, ndipo akapuma m'pamene mwini mudzi kapena nduna yake inkabwera kudzamulonjera.

Malonje sadali moni wamba. Mlendo ankafotokoza mwadongosolo kumene wachokera, amene wawasiya ndi mmene awasiyira, midzi imene wadutsa, zimene waona panjira, kumene akupita ndi chimene akukachita. Wolandira malonjewo ankawabwereza kwa amfumu ngakhale amfumuwo adali pomwepo akumva, kenaka eni mudzi nawo ankafotokoza za kwawo: matenda, maliro, mvula, dzombe. Ana a sukulu a lero angaone ngati kutaya nthawi, koma m'menemo mudali nzeru ziwiri. Yoyamba, mudzi unkamuyesa mlendoyo. Munthu wabodza amaphonya dzina la mtsinje kapena la nyakwawa ya mudzi umene akuti wagonamo dzulo, ndipo akuluakulu ankazindikira msanga. Yachiwiri, malonje akalandiridwa, mlendo ankasanduka wa amfumu. Womuchita chipongwe kapena kumubera pampu ankakhala atalakwira mwini mudzi. Chiphaso cha munthu chidali pakamwa pake, ndipo chitetezo chake chidali mawu a nyakwawa. M'masiku opanda wailesi, malonje adalinso nyuzipepala. Mwambi woti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa unkaoneka ndi maso pamene mphunzitsi woyendayenda ankawerengera nkhalamba kalata yochokera ku Joni imene idasungidwa kudenga mwezi wathunthu, n'kuilembera yankho pa kuwala kwa moto.

Chakudya chinkachokera m'nyumba zingapo, osati kwa amfumu kokha. Mbale zinkabwera imodziimodzi: apa nsima ya mgaiwa ndi chisoso, apo ya kondowole ndi matemba, ndipo mlendo wanzeru ankalawa paliponse kuti pasakhale nyumba yochita manyazi. Mlendo wolemekezeka ankamugwirira nkhuku, kumuonetsa ili yamoyo isadaphedwe. M'chigwa cha Domasi, mmene Asilamu ndi Akhristu akhala moyandikana kwa mibadwo, padakhazikika chizolowezi choti nkhuku azizinga ndi Msilamu kuti aliyense adye nawo mosakayika. Midzi yambiri ya Chiyao inkakana sukulu za mishoni poopa kuti ana atembenuzidwa, koma kukana sukulu ndi kumana mlendo nsima zidali nkhani ziwiri zosiyana. Mphunzitsi ankatha kukanidwa masana pabwalo, madzulo n'kudya mpunga wa mwini kukanayo. Pogona pankapezeka m'mphala ya anyamata, m'nyumba ya mphunzitsi wa pamudzipo, kapena m'kachisi wa udzu amene masana adali sukulu. Njinga inkalowa nawo m'nyumba, ndipo ana ankaloledwa kuliza belu kamodzi asadathamangitsidwe kukagona.

Mbiri yolembedwa imatchula amuna amene ankapalasa, koma siitchula amayi amene ankasinja. M'dera la chikamwini ngati limeneli nyumba ndi nkhokwe n'za mayi, ndipo ndi iyeyo amene ankaona ngati ufa wotsala ungakwanire ana ndi mlendo yemwe. Ndi iyeyo ankapita kumtsinje kachiwiri kukatunga madzi osamba, n'kudzuka m'mamawa kuwotcha mbatata ya kamba. Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo mwambiwu umanenedwa kawirikawiri polimbikitsa kupatsa. Koma m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, mame amenewa ankagwa pa mbale ya ana. Alendo ena ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake kamchere ndi singano zija zinkaperekedwa kwa mayi wa nyumba potsazika. Analiponso ena, makamaka amithenga a boma ovala zipewa zofiira, amene ankalamula nkhuku ngati msonkho, ndipo midzi inkawakumbukira moipa. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Kukacha mlendo sankangonyamuka. Ankatsazika kwa amfumu, kulandira mauthenga ndi makalata opita kutsogolo, ndipo eni nyumba ankamuperekeza. Mnyamata mmodzi ankakankha njinga, mwini wake akuyenda pambuyo ndi akuluakulu, mpaka pamtsinje kapena pamphambano pamene pathera mudzi. Apo ankamulangiza njira: pakuti mlatho udakokoloka, pakuti pali njuchi, kwa auje mukagone ndipo mukanene kuti takutumani ndife. Mawu otsirizawa adali ngati kalata yotsegula khomo la usiku wotsatira.

Panjira padalinso malamulo a kutsika. Wokwera njinga ankatsika podutsa pamanda, pokumana ndi apongozi, pofika pabwalo pamene akuluakulu akuweruza mlandu, ndiponso akaona masamba aawisi atayalidwa pamsewu, chizindikiro chakuti pamudzipo pagwa zovuta. Mwambo wa masambawu ukadalipo, ndipo wa kabaza aliyense amaudziwa: amatsika, kuvula chipewa, n'kukankha mpaka atadutsa masamba a mbali inayo. Koma padali kutsika kwina kumene anthu ankakuchita mtima ukuwawa. M'nthawi ya atsamunda Mfirika ankayembekezeka kuvula chipewa pamaso pa mzungu aliyense, nkhani imene idadandaulidwa poyera pamaso pa bungwe lofufuza za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, ndipo wa panjinga ankadziwa kuti bwana akatulukira ayenera kutsika. Thupi linkachita zofanana m'kutsika kuwiri konseku. Kusiyana kudali kwakuti kwina munthu ankapereka ulemu mwa iye yekha, kwina ankachita kulandidwa.

Aphunzitsi ndi abusa ndiwo adasiya malipoti, koma amene adapalasa mitunda yaitali koposa adali a geni ya nsomba. Ankagula matemba, makumba ndi milamba youma kumadoko a Chilwa monga Kachulu, kuzipakira m'madengu aakulu oposa msinkhu wa mwana, n'kukwera nazo ku Zomba, ku Limbe, mpaka kumaesiteti a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, kumene antchito ankalandira malipiro. Ameneyu sankalandiridwa ndi nkhuku. Ankayenda m'magulu, kugona m'makhonde mwa sitolo kapena m'misasa ya pamsika, atasonkha moto pakati, aliyense mutu utatsamira gudumu la njinga yake. Nyanja ikaphwa, monga idachitira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, njira zawo zinkatembenukira ku Malombe ndi ku Mangochi, ulendo n'kutalika kawiri. Pa njala ya 1949 mwambo wolandira alendo udayesedwa koopsa. Amuna adabalalika kukasuma kumadera kumene kudagwa mvula, ndipo wokhala ndi njinga ankafika kutali n'kubwerako ndi thumba ana asadafooke. Komanso, monga adapezera Megan Vaughan pofufuza za njalayi m'midzi ya boma la Blantyre, amayi ambiri ankakumbukira chakacho ngati chaka chimene amuna adapita kukafuna chakudya osabwereranso. Msewu umene unkabweretsa chimanga ndi womwewo unkatenga bambo.

Alendo a zikwama aja nawo ali ndi makolo awo. Kazimierz Nowak wa ku Poland adanyamuka ku Tripoli mu 1931, nafika kunsonga ya kummwera kwa Africa mu 1934, n'kubwerera mpaka ku Algiers mu 1936, mtunda wa makilomita pafupifupi 40,000, wambiri mwa iwo pa njinga yakale. Dervla Murphy, mayi wa ku Ireland, adadutsa kumpoto kwa Malawi mu 1992 ali ndi zaka 60, pa ulendo wochokera ku Kenya kupita ku Zimbabwe umene adaulemba m'buku lotchedwa The Ukimwi Road. Mu 2003 udayamba ulendo wa gulu wa Tour d'Afrique, wochokera ku Cairo kukafika ku Cape Town, umene njira yake idadzera ku Karonga, Mzuzu ndi Lilongwe. Anthu otere ngolimba mtima ndithu, ndipo njinga zawo za magiya ambiri zimakwera zitunda zimene Humber inkakankhidwa. Hema lawo ndi lopepuka moti munthu mmodzi amanyamula chimene kale chinkafuna amtengatenga atatu. Komabe hema lili ndi khalidwe lake: limalola munthu kugona pakati pa anthu popanda kuwafuna. Ochenjera mwa iwo amazindikira msanga kuti kuno kulibe thengo lopanda mwini, ndipo amakapempha malo kwa amfumu kapena kwa mphunzitsi wamkulu, n'kukhoma hema lawo pabwalo la sukulu. Akatero amakhala apereka malonje, ngakhale dzina lake sakulidziwa.

Kuti mwambowu sudali wongokometsera zidaoneka mu 2017, pamene mphekesera za anamapopa zidabuka ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi madera oyandikana nawo. Anthu angapo adaphedwa ndi magulu olusa, ena mwa iwo popanda chifukwa china koma kuti adali achilendo pamalopo ndipo adanyamula chikwama. Mantha a mtundu umenewu si atsopano, ankabukanso m'nthawi ya atsamunda. Koma kumene mlendo amayamba wakhala pamphasa n'kufotokoza za ulendo wake pamaso pa nyakwawa, pamakhala munthu woti n'kuimirira n'kunena kuti uyu ndi mlendo wanga. Midzi ya m'mphepete mwa msewu waukulu idakula, anthu odutsa ndi ochuluka moti sangalonjeredwe onse, minda idachepa, ndipo mbava zenizeni zidaphunzitsa anthu kutseka zitseko. Palibe angadzudzule mayi wokana kugoneka munthu wosamudziwa masiku ano. Chimene chidalowa m'malo mwa mphala ndi chipinda cholipira cha pa sitolo, chimene chimafunsa ndalama osati dzina la mudzi umene munthu wachokera.

Njinga yokha siidachoke m'chigwachi, idachita kuchuluka. Za ku England zidalowedwa m'malo ndi za ku India ndi China, monga Hero, Avon ndi Phoenix, ndipo pambuyo pake kudabwera Buffalo. M'bandakucha uliwonse amuna amatsika nazo kuchokera m'mphepete mwa Malosa atasanjikiza matumba a makala kapena mitolo ya nkhuni yotalika kuposa mitu yawo, phiri likunka liyera pambuyo pawo, pamene anzawo a kabaza akudikira makasitomala pa Songani ndi pa Domasi. Ntchito ya Jeanes nayo idasiya mbewu pamalopo: Malawi Institute of Education idayamba ntchito zake ku Domasi mu 1982, ndipo Domasi College of Education idatsegulidwa mu 1993. Olowa m'malo mwa aphunzitsi oyendayenda aja ndi alangizi a maphunziro a m'mazoni. Iwowa amayenda pa njinga zamoto, amafika pasukulu ya kuphiri nthawi ya m'mawa, kuona makalasi, kusaina m'buku la alendo, ndipo dzuwa likamalowa amakhala ali kwawo.